Kampani ikakulira pamudzi, mudziwo umatsala ndi chiyani? Phunziro lochokera ku Wigston ndi Leicester

 Sabata ino ndi nthawi yanga yolemba, ndiye pepani likhala lalitali. Amene bandulo yakutherani, sungani muwerenge usiku.

Masiku apitawa achimwene ena analemba muno kuti bizinesi si tchalitchi, phindu ukapeza ndi lako ndi ana ako basi. Achemwali ena anayankha kuti munthu wodya yekha bizinesi yake imafa naye limodzi. Aliyense anaponyapo yake mpaka nkhani inafika pa chakhumi, kumene sikunali komwe timapita. Ine ndikufuna tione zimene zinachitika pamalo amodzi enieni, amene ndikuwadziwa chifukwa ndi kumene ndimalongedzera katundu wopita kumudzi.

Wigston ndi tauni yaing'ono kumwera kwa mzinda wa Leicester, pafupifupi mamailosi 4 kuchokera pakati pa mzinda ukatsata Welford Road. Ili ndi khonsolo yakeyake pamodzi ndi Oadby, koma nyumba zinalumikizana kale ndi za Leicester moti mlendo sangadziwe kuti wadutsa malire, ngati mmene Limbe inalowererana ndi Blantyre. Akale ankaitchula Wigston Two Steeples chifukwa cha nsanja ziwiri za matchalitchi a All Saints ndi St Wistan's, ndipo kampani ina ya zovala zoluka ya komweko inatenga dzina lomwelo la Two Steeples n'kulisandutsa chizindikiro cha katundu wake. Onani kale pamenepo, mudzi unabwereka kampani dzina. Funso ndi lakuti makampani anabweza chiyani.

Ndiyambe ndi munthu amene tinganene kuti anali mnzathu pa geni. Pakati pa Leicester pali nsanja ya wotchi, nawonso amati pa Clock Tower ngati kwathu ku Blantyre, ndipo pamakona ake anayi anaimikapo ziboliboli za anthu anayi. Mmodzi ndi William Wyggeston, dzina limene limalembedwanso Wigston. Mkuluyu ankagula ubweya wa nkhosa kuno n'kumakaugulitsa ku Calais, kuwoloka nyanja, mzinda umene lero uli m'dziko la France. Kuoda kuno, kugulitsa uko, msonkho panjira. Ntchito yathu yomweyi, kungoti iye inamuyendera kwambiri mpaka anakhala meya wa Leicester. M'chaka cha 1513 anakhazikitsa nyumba yosungiramo okalamba osauka, Wyggeston's Hospital, ya amuna 12 ndipo kenako anawonjezera amayi 12.

Chimene ndikufuna mugwire apa si chifundo chake ayi, achifundo alipo ambiri. Ndi njira imene anaperekera. Sanasiye thumba la ndalama kuti komiti izigawa. Anasiya malo, minda yochititsa lendi, kuti lendiyo izidyetsa okalambawo chaka ndi chaka. Ena mwa malowo, ku Swannington, anali ndi malasha pansi, ndiye ndalama zinakula kuposa mmene mwini wake akanaganizira. Patapita zaka mazana atatu ndi kanthu, ndalama zotsala zinatsegula masukulu a dzina la Wyggeston, kumene anaphunzirako David Attenborough, mdala uja wa mafilimu a nyama. Nyumba za okalambazo zilipo mpaka lero ku Hinckley Road, ndipo muli anthu. Zaka zoposa 500, abale anga. Ife tikasonkha ndalama ya chitukuko kumudzi, ikatha chaka chimodzi osakanganirana timati Mulungu ndi wabwino.

Koma tisathamangire kuombera m'manja mabwana onse akale. Ku Wigston, pa msewu wa Bushloe End, kuli kanyumba kosungirako mbiri ya anthu oluka masokosi, Framework Knitters Museum. Kuseri kwa nyumbayo kuli shedi ya makina oluka a manja, imene inangotsekedwa mwini wake atamwalira mu 1952, zonse n'kutsala mmene zinalili. Makina amenewa anawatulukira William Lee mu 1589 cha ku Nottinghamshire, ndipo kwa zaka zambiri midzi ngati Wigston inkadya za masokosi. Kachitidwe kake kanali kotere: makina ndi a bwana, ulusi ndi wa bwana, woluka amabwereka makinawo n'kumalipira lendi sabata iliyonse. Kaya bwana wakupatsa ntchito yambiri, kaya wakupatsa yochepa, lendi ndi yomweyo. Ndiye bwana wochenjera ankabwereketsa makina ambiri kuposa ntchito imene anali nayo, chifukwa lendi yokhayo inali kale bizinesi. Amene munayendetsapo kabaza ya eni mukudziwa zimene ndikunena. Mvula igwe tsiku lonse, apolisi akugwire, tayala liphulike, madzulo mwini njinga akufuna yake yathunthu. Umphawi wa oluka masokosi unatchuka mpaka unalowa m'zonena za anthu a kuno, ndipo lendi ya makinayo inathetsedwa ndi lamulo mu 1874. Choncho mukamaona nyumba zokongola zimene olemera a kuno anapereka, dziwani kuti ndalama zina zinachokera pamsana pa anthu amenewa.

Tsopano South Wigston, mbali imene ili kufupi ndi njanji. Chisanafike chaka cha 1883 kunali minda chabe. Kunabwera munthu wina womanga nyumba, Orson Wright, amene anaona zinthu ziwiri: dothi labwino loumbira njerwa, ndi njanji zokumana pamalo amodzi. Anatsegula fakitale ya njerwa, ndipo ndi njerwa zomwezo anamanga mizere ya nyumba za antchito, mafakitale ochititsa lendi, mashopu ndi mahotela. Mukawerenga mayina amene timisewu tinapatsidwa nthawi imeneyo, Orange, Water, Railway, Irlam, Garden, Healey, Timber, mukatenga chilembo choyamba cha uliwonse mupeza O WRIGHT. Munthu anasaina dzina lake ndi misewu! Kudzikonda kunalipo ndithu, ndipo sanamange zaulere, nyumbazo ankadyapo lendi. Komabe iye anamwalira mu 1913, fakitale ya njerwa inatha kalekale, koma nyumba zija zikusungabe mabanja, ena mwa iwo ndi athu omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba. Kwa ine uyu anapereka zambiri kuposa amene amajambulitsa akupereka cheke chachikulu ngati chitseko. Anapanga phindu lake m'njira yoti pamalopo patsale chinthu chogwirika.

Wina amene nkhani yake imandisangalatsa ndi Nathaniel Corah. Cha m'ma 1815 ankapita Loweruka lililonse pa bala ina yotchedwa Globe, mu Silver Street, imene ikugulitsabe mowa mpaka pano. Oluka masokosi ankabweretsa katundu wawo pamenepo, iye n'kusankha wabwino, kulipira, n'kupita naye ku Birmingham kukagulitsa. Kupikula basi, ngati mayi wopikula tomato ku Jenda kapena ku Lizulu. Kuchokera pamenepo, ana ndi zidzukulu zake anamanga fakitale ya St Margaret's Works mu 1865, imene inadzalemba anthu masauzande. Mu 1926 anagwirizana ndi Marks & Spencer kuti aziwasokera zovala mwachindunji popanda wapakati. Mgwirizanowu unadyetsa mabanja a Leicester kwa zaka zoposa 60. Mukacheza ndi agogo achizungu a kuno, makamaka amayi, ambiri akuuzani kuti anayamba ntchito ku Corah atangomaliza sukulu. Koma kasitomala mmodzi wamkulu ndi ngati mtengo umodzi pabwalo, ukagwa mthunzi watha. Zovala zotchipa zochokera kunja zitayamba kudzaza, kampaniyo inagulitsidwa mu 1989, inagawidwagawidwa, ndipo pofika m'ma 2000 makina anali atazima. Amene mumadalira shopu imodzi ya ku Area 2 kapena ku Limbe kuti ndiyo imatenga kontena yanu yonse, mulembe penapake nkhani imeneyi.

Pa nthawi imene ndalama za zovala ndi nsapato zinali pachimake, eni mafakitale ena anasiya zinthu zimene mzinda ukudyabe. Thomas Fielding Johnson, amene bizinesi yake inali yopota ulusi, anagula malo ndi nyumba zimene kale zinali chipatala cha odwala misala, n'kuzipereka mu 1919 kuti pakhale sukulu ya ukachenjede yokumbukira ana a m'derali amene anafera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Sukuluyo inatsegulidwa mu 1921 ndipo ndiyo University of Leicester ya lero, kumene Amalawi angapo atengako madigiri awo. Charles Bennion, wa kampani yopanga makina osokera nsapato ya British United Shoe Machinery, anagula Bradgate Park mu 1928 n'kuipereka kwa anthu a Leicester ndi Leicestershire. Ndi maekala oposa 800, muli agwape, mapiri ndi kamtsinje, ndipo polowa sulipira, umangolipirira poimika galimoto. Akanafuna akanadula mapuloti. Ife tikudziwa zimene zimachitikira malo opanda mpanda m'matauni mwathu, ngakhale bwalo la mpira la ana limadzuka lili ndi maziko a nyumba.

Apa ndinene maganizo anga, amene akufuna kutsutsa atsutse. Mphatso yaikulu imene kampani imapereka kwawo si paki kapena sukulu. Ndi kukhala pomwepo n'kumalipira anthu bwino mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Zinazo ndi ndiwo, nsima yake ndi imeneyi.

Tengani Walkers, makirisipi aja amene ana athu kuno salola kupita kusukulu opanda paketi. Henry Walker anali wabutchala ku Leicester kuyambira m'ma 1880. Nkhondo yachiwiri itatha nyama inkagulitsidwa mochita kuyeza, bizinesi inatsika, ndiye mu 1948 kampaniyo inayamba kukazinga mbatata zoduladula kuti antchito asakhale manja lende. Geni yapambali inadzaposa geni yeniyeni. Kuyambira 1989 eni ake ndi PepsiCo ya ku America, koma fakitale idakali ku Beaumont Leys, ndipo imatulutsa mapaketi oposa 11 miliyoni pa tsiku. Kuseri kwa nambala imeneyo kuli alimi a mbatata, madalaivala a mathiraki, okonza makina, oyeretsa, ndi mashopu amene antchitowo amagulako. Dzina la Walkers linakhala pa malaya a timu ya Leicester City kwa zaka zambiri, ndipo bwalo latsopano litatsegulidwa mu 2002 linkatchedwa Walkers Stadium mpaka 2011 pamene linasintha kukhala King Power. Ngakhale Gary Lineker amene anakhala akuwatsatsira malonda ndi mwana wa pamsika, bambo ake ankagulitsa zipatso ndi masamba pa Leicester Market.

Pamsika womwewo ndi pamene panayambira Dunelm. Mu 1979 a Bill Adderley, amene kale anali manijala wa Woolworths, ndi akazi awo a Jean, anatsegula benchi yogulitsa makatani. Benchi, abale, osati shopu. Shopu yoyamba inabwera mu 1984, kampani inalowa pa msika wa masheya wa London mu 2006, ndipo lero ili ndi masitolo oposa 180. Likulu lake likadali ku Syston, kunja pang'ono kwa Leicester, ndipo banjalo likadali ndi gawo lalikulu la masheya. Werengani zaka: zisanu pa benchi asanatsegule chitseko choyamba. Ambiri a ife tikagulitsa bwino miyezi itatu timafuna kale galimoto yoti anthu atione nayo. Nkhani ya likulu ndi yofunika chifukwa fakitale kapena weyahausi imalemba anthu onyamula ndi olongedza, pamene likulu limalemba owerengera ndalama, a makompyuta, ogula katundu ndi ojambula mapatani. Ndi ntchito zimene mwana wophunzira angapeze osasamukira ku London. Next nayonso likulu lake lili ku Enderby, mphindi zochepa kuchokera ku Wigston, ngakhale mizu yake ina ili ku Leeds.

Nanga kampani ikagulidwa ndi akunja? Apa palibe yankho limodzi. Ku Wigston komweko, pa Chartwell Drive, kuli Cromwell, yogulitsa masipanala, madirilo, magolovesi ndi zipangizo zina za m'mafakitale. Anaiyambitsa a Michael Gregory, inakulira kuno, ndipo mu 2015 kampani ya ku America ya Grainger inaigula pa £310 miliyoni. Walkers tanena kale kuti inagulidwa koma inatsala. Koma Imperial Typewriters, imene inkapanga mataipi amene ena tinawaona m'maofesi a boma kwathu, itagwa m'manja mwa Litton Industries ya ku America zinatha moipa. Mu 1974 antchito achimwenye, ambiri ongofika kumene kuchokera kum'mawa kwa Africa, anachita sitiraka podandaula za malipiro ndi tsankho, ndipo chaka chotsatira fakitale inatsekedwa. Munthu amene amasaina kalata yotseka fakitale ali kutsidya la nyanja sakumana ndi ochotsedwawo kutchalitchi kapena kumaliro. Mwini wake wa pamudzi amakumana nawo, ndipo manyazi amenewo nthawi zina amapulumutsa ntchito za anthu.

Komabe kukhala mlendo sikuletsa kupereka. Vichai Srivaddhanaprabha anali wa ku Thailand, bizinesi yake ya King Power ndi ya ku Bangkok, koma atagula Leicester City anapereka £2 miliyoni yothandizira chipatala cha ana cha mumzindawu, kuwonjezera pa chikho cha ligi cha 2016 chimene palibe anachilota. Atamwalira pa ngozi ya helikopita pa 27 October 2018, maluwa amene anthu anaunjika pabwalo paja anali a munthu wakwawo.

Ndipo alendo ena amene anamanga Leicester ndi ochokera kwathu. Mu 1972 Idi Amin atathamangitsa amwenye ku Uganda, khonsolo ya Leicester inalipira chidziwitso mu nyuzipepala ya Uganda Argus chowauza kuti asabwere kuno, nyumba ndi masukulu zadzaza. Anabwerabe, pafupifupi 10,000, ndipo Belgrave Road imene inali ikufa inadzuka. M'zaka zomwezo boma la Kamuzu linalamula amwenye kuti achoke m'misika ya kumidzi azichitira malonda m'mizinda yokha. Amene munakulira m'maboma mukukumbukira mizere ya masitolo akhonde aja, ena anagwa osatsegulidwanso. Mabanja ambiri anasamukira ku Leicester, n'chifukwa chake ukhoza kulowa mu shopu cha ku Highfields kapena Evington, mdala wandevu zoyera n'kukulonjera m'Chichewa chomveka bwino kuposa cha ana athu obadwira kuno. Limodzi mwa mabanja amenewa ndi la a Tayub. Anafika kuchokera ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, anayamba ndi golosale, n'kukula kukhala holoselo ya Crown Crest ku Kirby Muxloe, kenako n'kukhala eni masitolo a Poundstretcher, mazana angapo m'dziko lonse lino, mpaka anawagulitsa mu 2024. Nzeru ya kauntala imene inaphunziridwa kwathu inalemba ntchito anthu masauzande ku England, misonkho yake n'kumangira misewu ya ku England. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa pang'ono, chifukwa ntchito zimenezo zikanatha kukhala ku Limbe.

Tisabise mbali yonunkha. Mafakitale akuluakulu a zovala atagwa, m'nyumba zomwezo munalowa timafakitale ting'onoting'ono tosokera makampani ogulitsa pa intaneti. Eni ake ambiri ndi a mumzinda momwemo, okulira pomwepo. Mu July 2020 nyuzipepala ya Sunday Times inaulula kuti ena ankalipira anthu £3.50 pa ola, pamene lamulo linkati munthu wa zaka 25 kupita m'tsogolo asalandire zochepera £8.72. Kampani ya Boohoo, imene inkagula zovala zambiri kumeneko, inaitana loya Alison Levitt kuti afufuze, ndipo lipoti lake linapeza kuti madandaulo ambiri anali oona. Inali nthawi yomweyo imene Leicester, pamodzi ndi Oadby ndi Wigston, inatsekeredwa payokha chifukwa cha Covid pamene madera ena ankatsegulidwa. Ovutikawo ambiri anali obwera, osadziwa Chingerezi bwino, ena mapepala osalongosoka, olembedwa ntchito ndi anthu a mtundu wawo. Ndiye mawu akuti "ndi wakwathu" asatipusitse. Lendi ya makina ija inathetsedwa mu 1874 inangobwerera itavala malaya ena. Ndipo tinene zoona, nafenso muno alipo amene amatenga mwana wa kumudzi kuti azilongedza mabokosi Loweruka lonse n'kumupatsa nsima ndi "tidzaonana".

Kwathu nkhani ya makampani ndi mzinda timaidziwira kwambiri ku mpira. Timu imodzi yomweyo yakhala Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, pano FCB Nyasa Big Bullets. Wanderers nayo yavala mayina a Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Sindikunyoza, popanda ndalama zimenezo anyamata sakanalipidwa. Koma dzina pa malaya ndi kutsatsa malonda, kontirakiti ikatha dzina limachoka ngati mmene Walkers inachokera pa bwalo lija. Zimene Blantyre inapindula kwambiri ndi makampani ake ndi zina. Ndi anthu masauzande amene ankalowa pageti la David Whitehead m'mawa uliwonse isanagulitsidwe mu 2003, thonje la ku Chikwawa ndi ku Balaka likusanduka nsalu mumzinda momwemo. Ndi Universal Industries kugula mbatata za alimi athu n'kupanga makirisipi ndi mabisiketi. Amene mumadutsa Beitbridge, dzina limenelo ndi la Alfred Beit, wa migodi ya diamondi ndi golide, amene anasiya thumba la ndalama lomangira milatho, ndipo thumba lomwelo ndi limene linathandiza kumanga chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Njira ya Wyggeston yomwe ija, chuma chosungidwa mwalamulo, chobereka chokha, choyang'aniridwa ndi anthu amene sangachigawane.

Tsono ife a makontena awiri pa chaka, a ma suitcase, a mavani onyamula katundu, zikutikhudza bwanji? Vuto lathu ndi lakuti tili ndi kwathu kuwiri ndipo nthawi zambiri sitisiya kanthu konsekonse. Kuno timakhala ngati odutsa, geni yonse ili pa foni ndi m'thumba, palibe pepala. Kumudzi timamanga nyumba ya mpanda wautali imene imakhala yotseka miyezi khumi ndi umodzi. Wina akamwalira kuno timayamba kuyendetsa mbale kuti thupi lipite kwawo, ndipo nthawi iliyonse timayambira pa ziro ngati imfa ndi yachilendo. Anthu amene ndawatchula pamwambapa, abwino ndi oipa omwe, anali ndi chinthu chimodzi: bizinesi yawo inali ndi dzina, adiresi ndi mabuku. Chinthu chopanda adiresi sichingalembe munthu ntchito mwalamulo, sichingabwereke ku banki, ndipo sichingasiyidwe kwa mwana.

Kwa a kuno ku UK, poyambira ndi apa. Choyamba onani chimene viza yanu imalola, chifukwa ya sukulu siilola kudzilemba wekha ntchito, ndipo ya ntchito ili ndi malire pa zapambali. Musataye mapepala chifukwa cha mabokosi a mafuta odzola. Ngati muli ololedwa, malonda anu akapitirira £1,000 pa chaka cha msonkho muyenera kulembetsa ku HMRC. VAT imakukhudzani malonda akapitirira £90,000 pa chaka, malire amene anakwezedwa mu April 2024. Mukatsegula kampani ku Companies House, ndalama imene kampaniyo yapereka ku bungwe lachifundo lolembetsedwa imachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe. Mukapereka ngati munthu wolipira msonkho, Gift Aid imawonjezera 25p pa £1 iliyonse, ndalama imene ife timaitaya tikamaponya mu akaunti ya munthu. Ndipo gulu lofuna kuchita bizinesi yothandiza dera likhoza kulembetsa ngati community interest company, imene katundu wake amamangidwa mwalamulo kuti tcheyamani asadzuke tsiku lina n'kunena kuti vani ndi yake. Thumba la maliro lingathe kuyendetsedwa ndi malamulo olembedwa ndi osaina atatu, m'malo mwa mbale.

Kwa a kumudzi ndi a ku Joni mfundo ndi yomweyo pa msinkhu wathu. Mnyamata amene amakutsitsirani mabelo, mulipireni mtengo umene munagwirizana, tsiku lomwelo. Telala wa pamsika wanu mupatseni oda ya mayunifomu m'malo moitanitsa zonse kunja. Mtsikana wa pakauntala muphunzitseni kulemba buku la stock ndi kuwerengera mtengo wofikitsira katundu, ngakhale mukudziwa kuti tsiku lina adzatsegula yake pafupi ndi yanu. Corah anayamba ndi kulipira oluka pa tebulo la mu bala, yunivesite ndi paki zinabwera patatha mibadwo.

Pa Clock Tower paja pali chiboliboli china cha Sir Thomas White. Iyeyu sanali wa ku Leicester, anali wamalonda a nsalu wa ku London, koma mu 1542 anakhazikitsa thumba loti lizibwereketsa achinyamata mpamba woyambira bizinesi m'matauni angapo, Leicester ili m'gulu. Thumbalo likugwirabe ntchito pansi pa dzina la Sir Thomas White Loan Charity. Amabwereketsa mpaka £20,000 kwa anthu a zaka zapakati pa 18 ndi 45 amene bizinesi yawo ili mu Leicestershire kapena Rutland, kwa zaka 9, popanda chiwongola dzanja, ndipo kubweza kumayamba pakatha zaka zitatu. Yerekezani ndi katapila amene ena muno mukulipira mwezi ndi mwezi. Ife ena zaka zatsala pang'ono kutitulutsa pa mzere umenewu, koma achinyamata a ku Wigston, Oadby, Braunstone ndi Beaumont Leys amene mapepala anu ali bwino, pitani mukafunse. Adzafuna pulani ya bizinesi yolembedwa ndi manambala a zimene mumagula ndi kugulitsa, choncho yambani kusunga malisiti kuyambira oda ya mwezi uno.